Kawailesi Kokana Kudzuka

Pa ntchito yangayi pali mawu amene ndawamva kambirimbiri, mwina kuposa funso la mtengo: "Dzulo imagwira bwinobwino." Munthu amalowa, n'kuika laputopu pa tebulo, n'kufotokoza kuti usiku anangotseka chivundikiro n'kukagona. M'mawa potsegula wapeza zonse zili m'malo, kalata imene amalemba ili pomwe anaisiya, koma WiFi palibe. Sikuti netiweki ya ku ofesi ikukana ayi, mndandanda wonse wa manetiweki wasowa ngati makinawo sanabadwe nawo. Anyamata a pamsika amati "yakana kudzuka", ndipo mawuwa ndi olondola kuposa mmene eni akewo amaganizira. Matendawa ndalimbana nawo zaka pafupifupi makumi awiri. Ndawaona akusintha nkhope, ndipo nthawi iliyonse akasintha, ntchito yathu ya pa khonde imasintha nawo.

Ine sindinayambire pa kompyuta. Ndinayambira pa wailesi mu 1994, pa khonde la sitolo ina ku Limbe pomwe amalume ankakonzera mawailesi, mbali iyi telala, mbali inayo wokonza mawotchi. Makonde a ku Limbe anali otero: umapempha kadanga kwa mwini sitolo, n'kuikapo tebulo, pakutha pa mwezi n'kulipira. Ankabwera mawailesi a Nzeru opangidwa konkuno, ndi ena akuluakulu okutidwa ndi nsalu omwe abambo anabwera nawo kuchokera ku migodi ya ku Joni. Zida za amalume zinali zochepa, chitsulo chowotcherera mtovu, kamita koyezera magetsi, ndi mswachi wakale wochotsera fumbi. Lamulo lawo linali loti uyambe ndi mabatire, ukatero uone eriyo, kutsegula kubwere pomaliza. "Mphwanga, usamathamangire kumasula masikulu," ankatero. "Yamba wafunsa mwini wake kuti chinachitika n'chiyani. Safunsa anadya phula."

Wailesi ya masiku amenewo inali yoyaka kapena yozima, basi. Ukapotokola batani mpaka kumveka kaphokoso kaja, magetsi adukiratu, ndipo ukayatsanso imayambira pachiyambi. Chimene inkasunga ndi singano yokha imene waisiya pa MBC. Ndikunena izi chifukwa vuto lonse la laputopu lagona pa chinthu chimene wailesi inalibe, chomwe ndi tulo.

Anthu ambiri sadziwa kuti WiFi ya mu laputopu ndi wailesi ndithu. Dzina lathu loti wailesi linachokera ku mawu a Chingerezi otanthauza chinthu chosadalira waya, ndipo ndi mawu omwewo amene amatchulira kakhadi kameneka. Kali ndi eriyo yake, kamalandira ndi kutumiza pa 2.4 GHz kapena 5 GHz. Makolo ake anali makhadi otchedwa WaveLAN, omwe akatswiri a kampani ya NCR anapanga ku Nieuwegein m'dziko la Netherlands. Mu 1997 komiti ya bungwe la IEEE, yomwe wapampando wake anali Vic Hayes, inatulutsa malamulo a 802.11 kuti zida za makampani osiyana zizimvana, ndipo liwiro lake linkalekezera pa ma megabit 2 pa sekondi. Mu 1999 anatulutsa 802.11b yofika 11, chaka chomwecho Apple n'kuyamba kugulitsa laputopu ya iBook yokhala ndi malo a kakhadi ka AirPort. Ife kuno chaka chimenecho maso anali pa zina. Television Malawi inali itangotsegulidwa, ndipo tebulo la amalume linadzaza ndi makanema akale ofuna kudzutsidwa. Intaneti inkayenda pa waya wa telefoni, modemu ikulira ngati nkhululu, ndipo inali ya m'maofesi ochepa.

Malaputopu a WiFi oyamba kufika m'manja mwanga anali a ogwira ntchito m'mabungwe ndi a aphunzitsi a ku Polytechnic obwera kuchokera ku maphunziro kunja. Kakhadi kankalowa m'mbali pa kabowo ka PCMCIA, mutu wake wakuda uli kunja, kanyale kobiriwira kakuphethira. Kakakana kudzuka mankhwala anali m'manja mwa aliyense: kusolola, kuwerenga mpaka khumi, kubwezera. Kankadzuka pafupifupi nthawi zonse. Tinkachita zimenezi osadziwa chifukwa chake, monga mmene mwana amamenyera wailesi m'mbali ikamalira mokhosomola. Chifukwa chenicheni ndinadzachimvetsa patapita zaka, nditayamba kuwerenga usiku mu intaneti kafe ina ya mu Blantyre, ndipo ndicho maziko a zonse zimene ndikudziwa pa nkhaniyi.

Tulo ta kompyuta tili ndi mbiri yakeyake. Mu 1992 Intel ndi Microsoft anakonza dongosolo lotchedwa APM, pomwe wolamulira za kugona anali BIOS, kapulogalamu kokhala pa bolodi yeniyeniyo. BIOS sankadziwa zambiri za zimene Windows ikuchita, ndiye ankagoneka makina ngati munthu wozimitsa nyale m'nyumba ya eni osaona kuti wina akusoka. Mu Disembala 1996 Intel, Microsoft ndi Toshiba anatulutsa ACPI, imene inapereka ulamuliro umenewu kwa Windows kapena Linux. ACPI inapatsa tulo manambala. S0 ndi kukhala maso. S3 ndi tulo teniteni, pomwe zonse zimazima kupatula RAM imene imatsala ikunyambita magetsi pang'onopang'ono kuti isaiwale. S4 ndi hibernate, pomwe zonse za mu RAM zimalembedwa pa disiki, mu fayilo yaikulu yotchedwa hiberfil.sys, magetsi n'kudukiratu. S5 ndi kuzima. Chida chilichonse cha m'katimo chilinso ndi manambala ake, kuyambira D0 chikakhala maso mpaka D3 chikazima.

Kugoneka n'kosavuta, ntchito ili pa kudzutsa. Ganizirani mayi wa ana asanu ndi awiri m'mawa wa tsiku la sukulu. Sangouza nyumba yonse kuti dzukani n'kuchoka, amadziwa woyamba kudzutsa kuti akoleze moto, wina adzuke madzi atatentha. Kompyuta nayo iyenera kuyamba yapatsa magetsi njira imene kakhadi kalumikizidwapo, kenako kakhadiko, kenako driver, pulogalamu yaing'ono yomasulira pakati pa Windows ndi kakhadi, alowetsenso firmware. Makhadi ambiri sasunga nzeru zawo magetsi akazima, amachita kuuzidwanso nthawi iliyonse kuti iwo ndani ndipo ntchito yawo n'chiyani. Zikatero kayambe kufufuza manetiweki, kagwirizane ndi rauta pa nkhani ya pasiwedi, kapemphe adiresi. Zonsezi zimachitika m'masekondi awiri kapena atatu, ndipo chimodzi chikachedwa kapena kutsogola, mzere wonse wasokonekera. Kusolola kakhadi kuja kunkachiritsa chifukwa kunkadula magetsi kotheratu n'kukakamiza makina kuyambiranso mzere wonsewo ngati akulandira mlendo.

Ukazolowera umazindikira pomwe mzere wadukira. Ukatsegula Device Manager n'kupeza kakhadi kasoweratu pa mndandanda, ndiye kuti sikanalandire n'komwe magetsi. Kakakhalapo koma kali ndi chizindikiro chachikasu ndi uthenga wa Code 10, ndiye kuti kadzuka koma mutu sunabwerere. Zimenezi nthawi zambiri zimatha ukakaletsa n'kukalolanso pomwepo, komwe ndi kusolola kwa masiku ano. Ndipo pali zina zimene si vuto la kakhadi n'komwe. Laputopu yagona ku ofesi ku Ginnery Corner, yadzukira kunyumba ku Bangwe, ikufunabe adiresi ya dzulo. Ukaona adiresi yoyamba ndi 169.254 dziwa kuti inapempha kwa rauta osayankhidwa, n'kudzipatsa yokha nambala yosapita nayo kulikonse.

Mu 2003 Intel inatulutsa Centrino, zida za malaputopu zobwera ndi WiFi ya m'kati, ndipo m'zaka zochepa kakhadi kanachoka m'mbali n'kulowa m'mimba. Poyamba kanali pafupi, kuseri kwa kachitseko ka sikulu imodzi pansi pa laputopu. Koma mwini wake sakanathanso kukasolola yekha, ndipo apa ndi pamene matendawa anasanduka ntchito yolipidwa. Opanga anaikanso kaswitchi m'mbali kapena kutsogolo kozimitsira WiFi pokwera ndege. Kaswitchi kameneka kanayendetsa anthu maulendo. Ndimakumbukira mayi wina amene anakwera minibasi kuchokera ku Thyolo, laputopu ya ku ofesi ataifungatira ngati khanda, akuopa kuti abwana amudula malipiro. Kaswitchi kanali katangosuntha m'chikwama. Ndinamusonyeza pomwe kali, ndinamuuza kuti akasunthe yekha kawiri kuti chala chizolowere, ndipo sindinamulipiritse. Ndikudziwa anzanga ena omwe pa vuto lomweli ankati "isiyeni mudzaitenge mawa" n'kutchula ndalama ya kakhadi katsopano. Khalidwe limenelo linaipitsa dzina la ntchito yathu, ndipo mpaka lero munthu akamakupatsa laputopu amakuyang'ana m'manja.

M'masiku a Windows XP ndi Windows 7 mankhwala otchuka anali kabokosi ka pa tsamba la Power Management, kamene kamalola kompyuta kuzimitsa kakhadi pofuna kusunga batire. Ukachotsa chizindikiro m'kabokosiko makina ena ankachiriratu. Vuto n'loti kanasanduka panado wa matenda onse. Mnyamata aliyense wodziwa kugwira mbewa ya kompyuta ankathamangira pomwepo, ngakhale pamene chofunika chinali driver woyenera. Malaputopu athu ambiri ndi a kaunjika, obwera kuchokera ku Dubai, ku Britain kapena ku South Africa, ndipo asanagulitsidwe wina amawaika Windows mwachangu ndi driver aliyense amene wavomera kulowa. Driver wotere amagwira masana onse bwinobwino. Kuperewera kwake kumaonekera pa kudzutsa basi, chifukwa ndi pamene pamafunika kudziwa khalidwe la bolodi imeneyoyo. N'chifukwa chake ndimatembenuza laputopu n'kuwerenga nambala ya pansi, n'kukatenga driver kwa amene anaipanga.

Pali chifukwa chinanso chimene matendawa amatikondera ife kuno, ndipo mabuku a kunja sachitchula. Ndi magetsi. Batire ikatsala pang'ono kutha, Windows imadziponya yokha mu hibernate kuti ntchito isatayike. Kumene magetsi sazima, laputopu imatha mwezi wonse osafika pamenepo. Kuno laputopu ya kaunjika, batire yake yosunga mphindi makumi awiri, imatha kulowa mu hibernate katatu pa tsiku. Mu 2016 ndi 2017, madzi atachepa mu nyanja ndi mu Shire, komanso mu 2022 namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira, tebulo langa linkadzaza ndi dandaulo lomweli. Magetsi akabwera laputopu imadzuka msanga, pamene rauta, imene nayonso inazima, imatenga mphindi imodzi kapena ziwiri. Laputopu imaitana, palibe woyankha, ndipo ina imangokhala chete osaitananso. Kwa anthu ambiri malangizo anga anali oti adikire nyale zonse za rauta ziyake asanatsegule chivundikiro.

Panali nyengo ina imene vutoli linabisala. Madongo a intaneti a TNM ndi a Zain, imene mu 2010 inasanduka Airtel, atafala, anthu anaiwala WiFi. Dongo likakana pambuyo pa tulo unkangolisolola n'kulibwezera, ngati kakhadi ka PCMCIA kaja. Mafoni atayamba kugawa intaneti pa hotspot, WiFi inabwerera m'nyumba iliyonse, ndipo madandaulo anabwerera nayo.

Koma atabwerera anapeza mawu oti kuzimitsa asintha tanthauzo, ndipo ine sindinadziwe msanga. Kuyambira pa Windows 8 ya mu 2012 pali dongosolo lotchedwa Fast Startup, lomwe linapitirira mu Windows 10 ndi 11. Ukadina Shut down makina amatseka mapulogalamu ako onse, koma mtima wa Windows pamodzi ndi madriver amaulemba mu hiberfil.sys, kuti mawa adzangounyamula m'malo mouumbanso. Cholinga chake chinali chomveka, chifukwa pa madisiki akale ozungulira kuyatsa kompyuta kunkatenga nthawi yoti n'kuphika tiyi. Zotsatira zake n'zakuti driver amene wasokonezeka lero amasungidwa ndi chisokonezo chake, n'kudzuka nacho mawa. Mphunzitsi wina wa sekondale anandiuza kuti wazimitsa n'kuyatsa katatu osasintha kanthu. Ine ndinatenga mawu akewo monga umboni woti kakhadi kafa, ndinamugulitsa kena, ndipo patatha sabata anabweranso ndi vuto lomwelo. Cholakwa chinali changa. Ndinafunsa funso la amalume, koma ndinamva yankho ndi makutu a wailesi, pomwe kuzima kunali kuzima. Ndinamubwezera ndalama yake, ndipo kuyambira tsiku limenelo sindifunsanso kuti "munazimitsa?" Ndimafunsa kuti, "Aphunzitsi, munadina pati, pa Shut down kapena pa Restart?" Restart ndi imene imagwetsa zonse n'kumanganso. Kugwira batani la Shift podina Shut down kumachitanso chimodzimodzi, ndipo pa makina amene vutoli limabwerabwera ndimangoletseratu Fast Startup.

Pansi pa zonsezi pali mankhwala akale kwambiri, omwe amalume akanawamvetsa popanda kuwafotokozera. Umachotsa chaja, n'kuchotsa batire, n'kudina batani loyatsira kwa masekondi makumi atatu. Pa bolodi pali kachipu kakang'ono koyang'anira magetsi, kiyibodi ndi batire, kamene sikagona ngakhale laputopu itazima. Kakasokonezeka n'kumakana kupereka magetsi ku kakhadi ka WiFi, palibe Restart imene ingakafike. Pamafunika kukamanitsa magetsi onse kuti kaiwale. Kale batire inkachoka ndi zala ziwiri. Lero ili m'kati, kuseri kwa masikulu khumi, ngakhale makina ena ali ndi kabowo kakang'ono pansi kolowetsa kawaya kopanira mapepala m'malo mwake. Kakhadinso kachepa, kuchoka pa Mini PCI kufika pa M.2 wonga chikhadabo cha chala chachikulu, ndipo pa malaputopu ena opyapyala anakawotcherera pa bolodi. Chaka ndi chaka dzanja la mwini chinthu likutalikira chinthu chake, ndipo zimenezi zimandidetsa nkhawa ngakhale zimandibweretsera makasitomala.

Ndisaiwale anyamata a Linux. M'zaka zimene ma CD a Ubuntu ankatumizidwa ulere pa positi, ophunzira a ku koleji ankabwera nawo kudzatsutsana nane. Iwo anandiphunzitsa lamulo la modprobe, lochotsera driver m'makina akuyenda n'kumubwezeranso, ndi la rfkill, losonyeza ngati WiFi yatsekedwa ndi switchi kapena ndi pulogalamu. Nditaona koyamba ndinazindikira pomwepo kuti ndi kusolola kakhadi kuja, kungoti akuchita ndi mawu.

Malaputopu ambiri atsopano sadziwanso S3. Amagona tulo ta foni, totchedwa Modern Standby, diso limodzi lili tcheru kuti makalata azilowa chivundikiro chili chotseka. Ukalemba powercfg /a makina amakuuza okha mitundu ya tulo imene amaidziwa. Pa makina otere kabokosi ka Power Management kaja nthawi zambiri sikaonekanso, ndipo mankhwala amakhala driver watsopano kapena BIOS yatsopano. BIOS sindiika popanda batire yodzaza ndi inveta pambali, chifukwa magetsi akazima ntchitoyo ili pakati laputopu imatha kufa osadzukanso. Madandaulo nawonso asintha. Wina amabwera akuti waitulutsa m'chikwama ikutentha ngati mbatata ya paphulusa, batire itatheratu, WiFi osaoneka.

Mwezi wathawu kunabwera namwino wina ndi laputopu imene inapitako kale kwa okonza awiri. Woyamba anaikamo Windows yatsopano, wachiwiri anasintha driver. Dandaulo lake linali lomwe lija, akatseka n'kutsegula WiFi imasowa kapena imatsala kamzere kamodzi. Panopa ndili ndi wophunzira ntchito, mwana wa mchemwali wanga, mtsikana wodekha manja. Ndinamusiyira kuti aone. Sanayambe ndi Device Manager. Anafunsa namwinoyo ngati zimachitikanso akaigoneka podina pa sikirini osakhudza chivundikiro, ndipo anayankha kuti sanayeserepo. Anayesa katatu, ndipo katatu konse WiFi inadzuka bwinobwino. Kenako anagwira chivundikiro n'kumachiweramitsa pang'onopang'ono, maso ali pa timizere ta netiweki. Chikafika pakatikati timizere tinkagwa, akachikankhira kumbuyo tinkabwerera.

"Amalume, iyi sikuti ikukana kudzuka," anatero. "Ndi eriyo."

Eriyo ya laputopu imakhala pamwamba pa sikirini, ndipo timawaya tiwiri, kakuda ndi koyera, timatsika kudutsa pa hinje kukafika pa kakhadi. Kutseka ndi kutsegula kwa zaka zisanu kunali kutapekesa kakudako mpaka kutsala tiulusi tiwiri, ndipo koyerako kanali katasomphoka pa kabatani kake. Anthu amasokoneza vutoli ndi la tulo chifukwa onse amabwera ukatseka chivundikiro. Tinatenga waya pa laputopu yakufa imene ili pansi pa tebulo. Mtsikanayo anaupititsa pa hinje ndi kapanira, n'kuuyendetsa m'tingalande take kuti usatsinidwe, ndipo pofika pa kakhadi anaika kamutu kagolide kaja pamalo pake n'kukanikiza ndi nsonga ya chikhadabo mpaka kanamveka kuti kalowa. Namwino anatseka chivundikiro yekha, anawerenga mpaka khumi, n'kutsegula. Timizere tonse tinayaka, ndipo mauthenga ake a masiku atatu anayamba kulowa motsatizana.